Zala Zinayi

Lolemba a Mukwazhi anabwera nayo ikunyezimira ngati mbale ya alendo,
amvekere, "Ndikwezereni zala zinayi,
izionera zinzake pamutu."
Ndinayala katoni wanga n'kulowa kunsi,
pano pa Gazaland, pamene dothi linaiwala mtundu wake
chifukwa chomwa oyilo.

Kunsi kwa galimoto kulibe bodza.
Pamwamba penti akuseka,
kuno difu ikudontha misozi yakuda,
ndipo bawuti imodzi, ya kumanzere,
sinatembenukepo chichokereni ku Japani.
Ndinaichonderera m'Chishona, ayi ndithu.
Ndinaitukwana m'chilankhulo cha malemu bambo,
aja anachoka ku Ntcheu kudzamenya njanji kuno,
ndipo inalira kamodzi, kwii, n'kugonja.

Masipuling'i atsopano, mashoko otalika ngati mkono wanga,
matayala a mano.
Panashe anaboola phiko la kumanja thukuta lili kamukamu,
poti sanaboolepo chinthu chodula kuposa nyumba ya amake,
n'kumangapo chitoliro choti injini izipumira m'mwamba
madzi akafika m'khosi.
Magetsi anathima Lachitatu masana.
Bampala tinaiwotcherera pakati pa usiku
atabwerako ngati mwamuna wa ku mowa, osapepesa.

Loweruka anati tiyeni mukaione ntchito yanu.
Tinadutsa Hatcliffe, phula linatisiya,
ndipo kuseri kwa Domboshava tinapeza zinzake zisanu ndi ziwiri
zitandanda, mbendera pamchira, nyama ili pamoto.
Anthu awa amadzuka m'mamawa kukasaka matope.

Ndinaphwetsako matayala pang'ono.
Ndinati, lowetsani giya yaing'ono, musaiponde,
isiyeni iganize yokha.
Inakwera thanthwe pang'onopang'ono ngati nanzikambe,
tayala limodzi m'mwamba, galu wapeza mtengo,
ndipo a Mukwazhi, bambo wa imvi ndi maofesi awiri,
anakuwa ngati mwana woponyedwa m'malere.
M'dambo ndimo tinatitimira mpaka m'zitseko.
Ndinakulunga thumba pa tsinde la msasa
kuti chingwe cha winchi chisausende,
ndipo inadzikoka yokha, ng'ii, ng'ii, kutuluka m'thope
anthu akuomba m'manja, mafoni ali m'mwamba.
"Asaitsuke munthu," iwo anatero,
"Lolemba akaione kuntchito."

Madzulo ndinakwera kombi ya ku Mufakose.
Mvula inali itagwa, maenje onse atavala nkhope imodzi.
Pafupi ndi kwathu tinalowa m'lina lakuya,
kondakitala amvekere amuna tsikani.
Tinakankha, ine ndi mphunzitsi wina wa nsapato zoyera
ndi mayi amene sanafune kudikira amuna.
Thope lake ndi lomwe lija, kukoma kwake m'kamwa n'komweko,
kungoti panalibe wojambula.

Kuseri kwa nyumba yanga kuli ina, yakhala pa njerwa
zaka zisanu ndi chimodzi.
Ndinaigula yopanda mtima kwa mzungu wa ku Ruwa.
Chilichonse chimene eni ndalama amati chotsani,
ine ndimati zikomo:
masipuling'i a Mukwazhi alowa kale kutsogolo,
nyali n'za dokotala wina wa ku Borrowdale,
chitseko chimodzi n'chobiriwira, zinazo sizigwirizana.
Kwatsala giyabokosi ndi matayala awiri.

Mwana wanga Tiyese amafunsa kuti idzapita kuti.
Ndimamuwerengera pa zala zakuda:
Nyamapanda, mlatho wa ku Tete, Dedza,
kenako kamsewu kamene bambo ankati
nthawi ya dzinja ngakhale ngolo imakana.
Sindikudziwa ngati kadakalipo.
Sindikudziwanso amene adzatuluke m'nyumba
kudzafunsa kuti ndife ana a yani.

Pakadali pano pampando wa dalaivala
nkhuku ya a neba ikufungatira mazira asanu ndi anayi.
Dzulo ndinatsegula chitseko chobiriwira chija kuti ndiyeze mawaya,
inandiyang'ana ndi diso limodzi,
ndinatsekanso.